Dzina Langa pa Kalata Yotseketsa Mayi Nyirenda

Lachiwiri m'mawa ndinatuluka kukagula buledi kwa mayi Nyirenda, monga ndimachitira masiku onse. Ndinapeza zenera lawo latsekedwa ndi njerwa, simenti isanaume n'komwe.

Kwa inu amene simukhala ku Area 15 kuno, mayi Nyirenda ndi mayi wamasiye wochokera ku Rumphi. Amuna awo ankagwira ntchito ku Capital Hill. Bambowo atamwalira, mayiwa anaboola kazenera pa mpanda wa nyumba yawo n'kuyamba kugulitsa buledi, mazira, sopo, tomato ndi mchere. Ogula ambiri anali alonda, antchito a m'nyumba ndi osamalira maluwa, anthu amene alibe galimoto yothamangira ku Old Town chifukwa cha sopo mmodzi.

Ndinagogoda pageti. Anatsegula okha.

"Mwatsekeranji, mayi?"

"Kunabwera kalata, achimwene. Akuti malo ano ndi okhalamo, osati ochitirapo malonda. Akuti oyandikana nane anadandaula."

"Angadandaule ndani?"

Analowa m'nyumba n'kubwera ndi pepala. Anangoloza ndi chala. Dzina langa linali pamenepo, siginecha yanga ili pambali pake.

Ndinakumbuka. Mwezi watha tinali ndi msonkhano wa eni nyumba a mumsewu wathu. Apampando anati wina akufuna kutsegula bala pakona, ndiye tipemphe akuluakulu a mzinda kuti aletse malonda pakati pa nyumba. Pepala linazungulira. Ine ndinasaina maso ali pa foni.

"Sindinadziwe kuti zikhudza inu," ndinatero, manyazi atandigwira.

"Ndikudziwa," anayankha mofatsa. "Koma mtsikana wanga ali Fomu 3. Amaphunzira ndi zenera lomweli. Tsopano ndimuuze chiyani?"



Madzulo ake a Chisale, bambo wachikulire amene amasamalira maluwa kunyumba kwanga, anandipempha kuti aweruke msanga. Anati akufuna akafike kumsika asanakwere njinga kubwerera kumudzi, chifukwa mchere ndi sopo zomwe ankagula apa pafupi tsopano ayenera kuzitsatira kutali.

Kuyambira tsikulo ndakhala ndikudzifunsa kuti, kodi zenera lija linkapweteka ndani? Panalibe phokoso. Panalibe zinyalala, chifukwa mayiwa ankasesa mpaka mumsewu. Wogula ankabwera mwakufuna kwake, wogulitsa ankagulitsa mwakufuna kwake. Buledi akanakhala wowawasa, tonse tikanasiya kugula, ndipo zenera likanatsekeka lokha popanda kalata ya munthu.

Musandimve molakwika. Sindikunena kuti mzinda ukhale wopanda malamulo. Mnzanga wina wa mumsewu mwathu anandiuza kuti, "Ukalola zenera lero, mawa ndi bala, mkuja ndi garaji." Mantha ake ndi omveka. Inenso sindifuna nyimbo za m'bala pansi pa zenera la ana anga. Koma ngati vuto ndi phokoso, lamulo lithane ndi phokosolo. Ngati vuto ndi uve, a zaumoyo abwere ayendere malowo. Ntchito ya oyendetsa mzinda ndi misewu, ngalande, zinyalala ndi kutiteteza kwa amene akutivulaza. Kuletsa malonda onse chifukwa choopa bala imodzi n'kulanga munthu amene sanalakwe.

Ndipo tiyeni tinene zoona. Ndi angati mwa ife okhala m'mipanda ikuluikuluyi amene timachita bizinesi m'nyumba zathu? Wina ali ndi ofesi ya uloya m'chipinda cha alendo. Wina amagulitsa zovala za kunja pa foni, makasitomala n'kumabwera ndi magalimoto mpaka pakhonde. Inenso ndemanga ino ndikuilembera pa tebulo lodyera, ndipo ndimalipidwa nayo. Palibe amene amatilembera kalata. Malonda athu amabisala kuseri kwa geti, pomwe a mayi wamasiye ankaonekera mumsewu. Kusiyana kwake n'komweko.

Lachinayi ndinapita kwa apampando kukapempha kuti dzina langa lifufutidwe. Anaseka pang'ono n'kunena kuti kalata inapita kalekale. Choncho ndinalemba ina, yopempha akuluakulu a mzinda kuti timalonda tating'ono topanda phokoso tiloledwe, ndipo ndinayenda nayo geti ndi geti. Ena anasaina, ena anati aganize kaye. Yankho silinabwere, ndipo mayi Nyirenda ayamba kufunsa za malo kumsika.

Pa geti lina mlonda anawerenga kalatayo mpaka kumapeto, n'kupempha cholembera. Ndinamuuza kuti apampando anati osaina ayenera kukhala eni nyumba okha. Anandibwezera pepalalo mwaulemu.

"Koma ogula pazenera paja tinali ife, bwana," anatero.

Tikamapanga malamulo a mumzinda uno, anthu ngati iyeyu timawafunsa liti?