Khosi la Mmalawi

Amalume anga anachoka kwathu ku Liwaladzi ine ndili wakubere. Mlandu wawo unali waufupi. Tsiku lina padooko, anyamata achipani akukakamiza asodzi kugula makhadi, iwo ananena kuti khadi silikoka khoka. Anthu anaseka, kenaka aliyense anakumbukira kuti wasiya ntchito kunyumba. Kutacha amalume kunalibe, ndipo dzina lawo tinayamba kulitchula monong'ona.

Mayi anga, mlongo wawo yekhayo, anakana kuwalira maliro. Munda wawo wampunga ankaulima chaka ndi chaka, ndipo abale akati tiugawane, mayi ankayankha kuti mwini wake wangopita kokayenda.

Matipate atabwera, mavoti atatha, bambo wina wogulitsa usipa anatiuza kuti wawaona ku Kyela, ku Tanzania, akusoka zovala pakhonde la sitolo. Anati atawapatsa moni m'Chichewa, iwo anayankha m'Chiswahili kuti sakumva. Mayi analongedza kachikwama nkundiuza kuti ndiwaperekeza kukawatenga. Ndinali ndi mwana woyamwa komanso mwamuna wosadziwa kuwiritsa ndi madzi omwe, koma mayi anga sankapempha, ankalengeza.

Nzeru yawo inali yoti tisadziwike kuti ndife Amalawi, kuopa kuti amalume angamve kuti kwabwera anthu akwawo nkuthawanso. Chiswahili mayi ankachidziwa, chija cha makolo athu a m'mbali mwa nyanja. Titawoloka malire tinagula zitenje zakomweko, nkumanga mipango monga ankamangira amayi akumeneko. Ine anandilamula kuti ndisatsegule pakamwa.

Zonsezo zinapita pachabe. Tisanafike nkomwe kumsika, mayi wina wogulitsa nthochi, yemwe tinakhala naye m'basi, anatifunsa kuti kwathu ku Malawi mvula inagwa bwanji. Mayi anga anakhumudwa ngati awabera. Anamufunsa kuti watidziwa bwanji, kodi ndi kalankhulidwe?

"Ayi, Chiswahili chanu ndi chachikale koma chikumveka," anatero. "Ndakudziwani ndi khosi. Ndangodandaula kuti boma latikwezera shuga, nonse awiri mwacheuka. Mnyasa akamva mawu oti boma amayang'ana uku, kuyang'ana uku, kenaka kumbuyo. Kuno timakudziwani choncho."

Zinandiwawa kwambiri. Ine ndinkayesa kuti kunja timadziwika ndi ulemu, kugwada kwathu kuja ndi kulandira zinthu ndi manja awiri. Ndinafuna kumuuza mayiyo kuti zimenezo zinatha, tinavota masanasana, tikulankhula zakukhosi tsopano. Koma ndisanayambe ndinaona kaye amene anakhala pampando wakumbuyo.

Amalume tinawapeza pakhonde lija, bambo wa imvi, kofia kumutu, phazi likupalasa makina. Mayi anawadziwa ndi chala chomwe mbedza inang'amba ali mnyamata. Anaiwala zonse za Chiswahili.

"Achimwene," anatero, "ndine."

Amalume sanadzutse mutu. Anayankha m'Chiswahili chosalala kuti pepani mayi, mwasokoneza, ine ndine wobadwira konkuno. Mwini sitolo anatuluka nkuvomereza kuti telalayo ndi wawo, mkazi wake ndi wakomweko, ana ake anaphunzira komweko.

Mayi anakhala pansi pasimenti nkutambasula miyendo ngati afika pamaliro. Anayamba kuwauza zakumudzi m'Chichewa, chimodzichimodzi. Bambo athu anamwalira. Mayi athu anamwalira akufunsa za inu. Bwato lanu linawola. Munda wanu ulipo, ndaulima mpaka msana wandithera, ndipo chaka chino abale akuti augawana ndithu. Makina ankangolira. Amalume anatembenuza kabudula yemwe ankasoka nkuyamba mwendo winawo. Kunena zoona, nthawi imeneyo ndinadana nawo, ndipo ndinauza mayi kuti tiyeni tizipita, munthuyu si wathu.

Mayi sanandimvere. Anaimirira nkutulutsa mawu aja ankaingitsira mbalame mumpunga.

"Boma munkaliopa lija linagwa! Tinalichotsa ndi voti! Anyamata aja akugulitsa makala tsopano, ndipo makhadi awo tikuyatsira moto!"

Makina anaima. Amalume anayang'ana kumanzere. Anayang'ana kumanja. Kenaka anacheuka kumbuyo, komwe kunali khoma lokhalokha. Anadumpha nkuwagwira mayi pamkono.

"Achemwali, tsitsani mawu," ananong'ona. "Mutiphetsa."

Chinali Chichewa cha ku Liwaladzi chenicheni, chosasuluka. Mayi analira mokweza, msika wonse nkubwera kudzaonerera, ndipo amalume ankangowapempha kuti alire pang'onopang'ono. Mwini sitolo anati iye ankadziwa kalekale, khosi lija analiona chaka choyamba, kungoti telalayo ankasoka bwino.

Amalume anabwera kumudzi mvula isanayambe, mkazi wawo nkuwatsatira atakolola. Munda sunagawidwe. Masiku amenewo aliyense ankanyoza boma momwe wafunira, m'basi, pachigayo, ngakhale pamaliro, ndipo nkhani ya amalume inali itakula moti anyamata ankawaona ngati ngwazi.

Tsiku lina ndinapita nawo kudooko kukagula ndiwo. Asodzi anasiya maukonde nkuwazungulira. Mmodzi anati, "Madala, tanenaninso mawu aja munanena pano. Tikufuna timve kuchokera pakamwa panu."

Amalume anawayang'ana onsewo, ana a anzawo akale. Anayang'ana uku, kuyang'ana uku, kenaka kumbuyo, komwe kunali nyanja basi.

"Ine sindinanene kanthu," anatero. "Usipawu mukupanga bwanji?"