Khutu la Mwala Wakuda

Mu Okutobala kuno dzuwa silikambirana ndi munthu. Likangotuluka, nkhosa zimathamangira pansi pa mitengo yaminga, ndipo wanzeru amatunga madzi ndi kukonza mpanda naini koloko isanakwane. Ikapitirira pamenepo ntchito imatsala imodzi: kukhala pamthunzi n'kumayang'ana kumpoto ngati kuli kamtambo. Chaka chimene ndikunenachi kamtambo kanachedwa.

A Salmaan Boois anali atadutsa zaka makumi asanu ndi limodzi. Moyo wawo wonse anakhala akukonza mijigo yoyendera mphepo m'mafamu a kummwera kwa tauni ya Mariental. Anali munthu wowonda, wa zala zokhakhala, wosakonda kuyankhula pagulu. Koma m'mawa uliwonse, nkhuku zikutsika, ankalowa m'kachipinda ka malata kuseri kwa nyumba yawo n'kuyatsa wailesi yoyankhulirana. Mlongoti wake anaupanga okha ndi mapaipi a mjigo wakale.

M'gulu lathu la wailesi tinalipo asanu ndi awiri, omwazikana m'chipululu monsemu. Tinkadziwana mawu kuposa nkhope. Ine ndinkasunga buku lolembamo amene wayankhula ndi zimene wanena. A Salmaan maikolofoni sankaifuna. Iwo ankagogoda: pali kachitsulo kamene umadina ndi chala, n'kumatumiza mawu ngati kulira kwa mbalame, kwina kwakufupi, kwina kwakutali. Kachitsulo kawoko anakamangirira pa chitsulo china chakuda, chachikulu ngati chibakera, chomizidwa theka m'thabwa, kuti kasamaterereke patebulo.

Mwala Wakuda uli pachigwa, ulendo wa ola limodzi pa ngolo ya abulu kuchokera kwa a Salmaan. Ndi chitsulo chokhachokha, chachikulu ngati ng'ombe ziwiri zogona, ndipo chinagwa kuchokera kumwamba makolo athu asanafike. Akuluakulu amati kale unali ndi kansonga kotuluka pambali, kamene ankakatcha khutu. Ife tinaupeza ndi chipsera chosalala pamene munthu wina anachekapo ndi sowo. Nthawi zonse tikafikapo, a Jakobus Beukes, makaniko wa gulu lathu, ankalavula pansi.

"Amene anachita izi, zala zake ziume," ankatero.

Tonse tinkavomereza. A Salmaan nawonso ankagwedeza mutu.

Amene anayambitsa zofufuza anali Mayi Dorkas Haoses, mphunzitsi wopuma pantchito, amene anatengera wailesi ya malemu amuna awo. Anatifotokozera ngati ana a sukulu. Mwala wotere, anati, umasweka ukadali m'mwamba. Tizidutswa tating'ono timayamba kugwa, chachikulu chimapitirira n'kukagwera patsogolo. Ukadziwa pamene kadutswa kalikonse kanatoledwa, n'kubaya phini pamapu, maphiniwo amafola mzere, ndipo mzerewo umaloza mbali ya thambo kumene mwalawo unachokera.

Tinafunsa pawailesi za amene anatolapo tizidutswa totere, tinafunsa abusa a nkhosa ndi madalaivala. Pakutha pa chaka Mayi Dorkas anali ndi maphini asanu, onse atafola bwino cha kummwera. Kenaka tsiku lina anabwera kwa a Salmaan kudzabwereka batire, ndipo maso awo anagwera pa chitsulo chakuda cha patebulo chija. Anachikhudza ndi chala.

"Bambo Salmaan! Zaka zonsezi mukugogodera pa chitsulo cha kumwamba, osanena? Munachitola kuti?"

A Salmaan anayang'ana pakhomo, anayang'ana padenga.

"Kumtsinje wouma wa kumpoto," anatero. "Pafupi ndi mjigo wothyoka uja."

Phini yachisanu ndi chimodzi inagwera kutali ndi mzere. Wina akanakayika, koma Mayi Dorkas ankawadziwa a Salmaan ngati munthu amene sanganame ngakhale za kuchuluka kwa shuga m'khofi. Choncho anasangalala. Anati mwina miyala inagwa iwiri, ndipo wachiwiri wakwiririka mumchenga wa kumpotoko. Nyengo zozizira ziwiri tinapita kumeneko ndi makina ofufuzira zitsulo amene a Jakobus analumikiza okha. Tinafukula misomali, zitini za nsomba ndi nsapato za akavalo. A Salmaan ankabwera nafe, ankakumba kuposa aliyense, ndipo pa chakudya ankakhala payekha kuseri kwa galimoto. Tinkati ndi khalidwe lawo.

Lachitatu lina m'mawa Mayi Dorkas ananena pawailesi kuti Loweruka abwerera kumtsinje uja.

"Mu Okutobala, aphunzitsi?" anafuula a Jakobus. "Ngakhale buluzi amavala nsapato kumeneko mwezi uno. Ndi mtima wanu uja? Dikirani Meyi."

"Meyi ndidzakhala kumzinda wa Windhoek, a Jakobus. Mwana wanga akudzanditenga pa Khirisimasi, akuti sindingakhalenso ndekha. Ndipo mvula ikabwera mchenga usuntha. Amene akuopa dzuwa atsale, ine njira ndikuidziwa."

M'buku mwanga tsiku limenelo mulibe dzina la a Salmaan. Anamvetsera, koma sanagogode.

Zimene zinachitika kwawo anandiuza pambuyo pake akazi awo, Mayi Lisbet. Akuti anawapeza masana ali m'kachipinda ka malata, thukuta lili kamukamu, wailesi ili yozimitsa.

"Mukudziphika?" anafunsa. "Tulukani, nyama ilipo kale."

"Ndikuganiza."

"Mwakhala mukuganiza zaka ziwiri, bambo inu. Mayi uja akakomokera kumchenga, mudzanyamula nawo bokosi la maliro mukuganizabe?"

"Lisbet, ndinene bwanji? Jakobus anati zala ziume, ine ndili pomwepo."

"Ndiye zauma? Si izo mukukanda nazo m'mutu? Ine ndinalipo, musaiwale. Malamulungu atatu, masowo asanu ndi anayi. Amene ankakubweretserani madzi m'botolo ndani? Ndinkati mnyamata wolimbikira chonchi adzamanga nyumba yabwino. Sindinkadziwa kuti ndikukwatiwa ndi wodula makutu."

A Salmaan sanaseke. Anali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi pamene anachita zimenezo. Mwini famu amene ankamugwirira ntchito anali atawapatsa wailesi yakufa, iwo n'kuiukitsa. Kachitsulo kogogodera kankathawa patebulo, ndipo wina anali atawauza kuti chitsulo chochokera kumwamba chimathandiza mawu kufika kutali. Sizinali zoona. Anazindikira sabata yoyamba yomwe, koma khutu linali litaduka kale. Mbali yochekayo anaimiza m'thabwa, ndipo inakhala mmenemo pafupifupi zaka makumi asanu.

Lachinayi kunacha ndi mphepo yotentha. Tinalonjerana monga mwa masiku onse, aliyense kunena za kumwamba kwa kwawo. Itafika nthawi ya a Salmaan ndinatchera khutu kudikira kulira kwa mbalame kuja. M'malo mwake kunamveka kutsokomola, kenaka mawu a munthu.

"Ndine Salmaan. Ndikuyankhula pakamwa chifukwa Mayi Dorkas kugogoda samakumva msanga, ndipo ndikufuna amve bwino."

"Taonani, mbalame ili ndi pakamwa!" anatero a Jakobus. "Mvula igwa lero."

"A Jakobus, ndiloleni ndimalize. Aphunzitsi, musapite kumpoto. Kulibe kanthu kumeneko. Chitsulo changa sindinachitole kumtsinje. Ndi khutu la Mwala Wakuda. Ndinalidula ndine, ndili mnyamata. Munandifunsa, ine ndinanama. Mwakumba zaka ziwiri chifukwa cha ine. Ndatha."

Wailesi inangoti waaa, ngati mphepo m'udzu wouma. Pensulo yanga inaima. Ndinakumbukira mmene tinkawayamikira kuti amakumba ngati mnyamata, ndi mmene tinkatukwanira pamwala paja iwo ataima pakati pathu, ndipo ndinachita manyazi ngati wanama ndine. 

Kenaka anayankhula Mayi Dorkas. Mawu awo anali a m'kalasi, osakwera, osatsika.

"Ndamva, Bambo Salmaan. Bondo langa lamanzere ndinalisiya kumtsinje kumene kuja, mukudziwa?"

"Ndikudziwa, aphunzitsi."

"Ndipo munkandinyamulira fosholo."

"Eya."

Kunamveka phokoso la pepala.

"Phini yanu ndazula. Asanu aja afolanso bwino, akuloza kummwera monga poyamba. Ndikanakonda miyala iwiri, koma umodzi woona ukwanira. Loweruka mubwere nacho chitsulocho ku Mwala. Sikisi koloko, dzuwa lisanatenthe."

Loweruka a m'gulu lathu tinafika anayi: ine, Mayi Dorkas, a Jakobus ndi a Salmaan. A Salmaan anabwera pa ngolo ya abulu ndi Mayi Lisbet, amene anatenga khofi ndi buledi wowotcha pamakala. Kumpoto kunali mbee. A Jakobus anavula chipewa kupereka moni kwa Mayi Lisbet, ndipo kwa a Salmaan anangoti, "Mwafika." Sanalavule.

A Salmaan anatsitsa kanthu kokulunga m'thaulo n'kukhala pansi pafupi ndi chipsera chija. Anamasula zomangira zinayi, nachotsa kachitsulo kogogodera, nakaika m'thumba la malaya. Thabwa linali litagwira kwambiri, mpaka analing'amba ndi tchizulo. Mbali yobisika ija inaonekera, yotuwa, mizere ya sowo ikuonekabe. Anaipukuta ndi thaulo, anapukutanso chipsera cha pamwala. Anayesa koyamba, sichinakhale. Anachitembenuza pang'ono, mizere inakumana. Anatola miyala itatu yaphanthiphanthi, naisanja pansi pake umodzi pamwamba pa unzake, nakankhira kamwala kakang'ono pampata wotsala. Kenaka anachotsa manja pang'onopang'ono, ndipo khutu linakhala.