Dazi la Amayi Anga

Dzulo mwana wanga wotsiriza amaponda dothi la njerwa kuseri kwa nyumba kuno ku Chipata. Fungo la matopewo litandipeza, ndinangoti, "Zikomo Ambuye," pakuti linandibwezera ku Chiparamba ndili kamtsikana.

Dziko linali litangolandira ufulu, ndipo mudzi wathu unamanga sukulu. Azibambo ankaumba njerwa, koma amene ankasenza madzi kuchokera kudambo chilimwe chonse anali azimayi. Potsegulira sukuluyo anathokoza azibambo okhaokha.

Tsiku lolembetsa ana, amayi anga anandisambitsa, n'kundidzoza mafuta a nsatsi, tinapita. Aphunzitsi anaima pakhomo.

"Pepani mayi, malo achepa. Tiyamba ndi anyamata, atsikana chaka chamawa."

Misozi inalengeza m'maso mwanga. Amayi sanakangane nawo ayi. Anagwada mwaulemu n'kumasula duku, chinthu chimene ndinali ndisanawaonepo akuchita pamaso pa amuna. Paliwombo pawo panali dazi losalala, pomwe pankakhala nkhata ndi mtsuko.

"Aphunzitsi, tsitsi langa linathera m'makoma awa. Kodi ndinkasenzera anyamata okha?"

Azimayi ena amene anali pamzere nawonso anayamba kumasula maduku, mmodzimmodzi. Kunkangomveka njiwa mumtengo wa msuku.

Aphunzitsi anazyolika kwa kanthawi, kenako anapatuka pakhomopo.

"Lowani, atsikana inu."

M'katimo munali mozizira bwino, mukununkhira dothi. Ndinakhala pa njerwa, ndipo pawindo ndinkaona amayi akumanganso duku lawo mosafulumira, uku akuyimba chapansipansi nyimbo ya kutchalitchi.