Tinapita ku Scarborough ndi Zochapa

Amayi anabwera ku Middlesbrough, kuno ku Mangalande, kudzandilerera mwana kuti ine ndibwerere ku ntchito ya unesi. Bambo a mwanayo anali atatithawa mimba isanaoneke n'komwe, koma za galu ameneyo tisayambe. Chisanu chitangolowa, mawondo a amayi anatupa, masitepe a m'nyumba n'kumakwera chokwawa.

Kwathu ndi ku Nkhotakota, ndipo kumeneko nyamakazi sitithamangira nayo kuchipatala. Timapita ku Mawira, komwe madzi amatuluka pansi ali otentha. Amayi ankangokamba za kumeneko: Achewa, Ayao, Atonga, zidzukulu za Aswahili, wa kumzikiti ndi wa kutchalitchi, onse m'madzi amodzi, kukhulana kumsana uku akujeda amuna awo. "Nditangoviika miyendoyi kamodzi, ndingathe kukhala mpaka mwanayu ayende," ankatero.

Mzungu wina wa kuntchito anandiuza kuti ku Scarborough, mzinda wa m'mbali mwa nyanja, kuli kasupe amene anthu akale ankapitako kukachira. Zoti ngotentha kapena ayi sindinafunse. Kasupe wochiritsa angakhale wozizira? Amayi analongedza chitenje chosambira, sopo, mwala wokhulira zidendene, ndi zovala zakuda za mwana, poti kwathu munthu sapita ku Mawira chimanjamanja, amachapirako.

Mzindawo ngwokongola, ndisaname. Maphompho obiriwira, mchenga wautali, mabwinja a linga pamwamba pa phiri, amwenye ndi azungu akudya tchipisi mphepo ikuwakwapula. Tinatsetsereka pang'onopang'ono, amayi atanditsamira, mwana ali kumsana. Nyumba ya kasupeyo tinapeza ili holo ya zoimbaimba. Munthu wina wodutsa anatilozera pakhoma la m'munsi: timadzi tadzimbiri tikungodontha, tozizira ngati ta m'firiji.

Amayi anakhudza ndi chala n'kupukutira pachitenje. Sanandikalipire, bola akanatero. Anakhala pabenchi, chikwama cha zochapa chili pamiyendo, anthu akutiyang'ana. Ine ndinapsa mtima ndi mzungu uja, ndi nyanja yokongolayo, ndi dziko lonseli losunga dzina la madzi pomwe madziwo palibe.

M'basi pobwerera amayi anati, "Undigulire tikiti yobwerera kumudzi, ine thupi lakana. Nanga mwanayu uzimusiya ndi ndani?"

Ndinati ndiona.

"Uona chiyani? Ndipatse ndipite naye."

Ndinakana, ndinalira, ndinazungulira malo onse olerera ana. Onse amatseka madzulo, nthawi imene ine ndimayamba ntchito. Mapeto ake ndinawaperekeza onse awiri ku bwalo la ndege ku Manchester, n'kubwerako ndekha.

Mawondo a amayi anaphwa, akuti akuyenda wapansi mpaka kumsika. Mwana wanga tsopano akuyankhula. Lamulungu ndikaimba foni amachita kumunyengerera kuti adzandipatse moni. Iye amayang'ana nkhope yanga pagalasi la foni, n'kutembenukira kwa agogo ake: "Amama, awa ndani?"