Sukulu ya Kutsidya

Abudu amalondera pageti la nyumba ina yosanja ku Pearl, komwe mitengo ya kanjedza imamwa madzi a m'mapaipi ndipo siidziwa dzinja kapena chilimwe. Amagona ku Najma, m'chipinda cha anthu anayi, pamwamba pa shopu ya telala. Asanabwere ku Doha anali wa kabaza kwawo ku Machinga, ndipo mpaka lero akaima nthawi yaitali miyendo imapondaponda yokha ngati ikupalasa.

Nyengo za kuno sanazizolowere. Anthu kwawo akamaothera dzuwa la mu Juni, kuno chitsulo cha geti chimawotcha dzanja. Choncho amasunga nyengo ziwiri, ina pakhungu, ina mumtima. Mu Sepitembala, magalasi a nyumba yosanja ija akamachita thukuta ndi chinyontho cha kunyanja, iye amadziwa kuti kwawo mitengo ya m'phiri yaphuka masamba ofiira, ndipo akamvuluvulu akuvina m'minda youma.

Ndi mwezi womwewo pamene mkazi wake Tabu anatumiza voisi.

"Bambo a Raihana, sukulu yatsopano ija yatsegulidwa. Akomiti adula malire. Akuti ana a mbali yathu ino azipita kwatsopanoko. Makolo ena akukana. Lachisanu kuli msonkhano. Inu mukuti bwanji?"

Abudu sanafune kuganiza kawiri. Mudzi wake amaudziwa ngakhale atatsinzina. Ukatuluka m'nyumba mwake n'kuloza kotulukira dzuwa, umadutsa mango a malemu bambo ake, kenako mzikiti, kenako sukulu yakale, phazi louma. Iyenso anaphunzira komweko mpaka Sitandade 5. Ukaloza kolowera dzuwa umapeza mtsinje wa Nachilenje, ndipo sukulu yatsopano anaimanga pachitunda cha kutsidya kwake. Nachilenje wa mu Januwale amamudziwa bwino. Anamuwolokapo njinga ili paphewa, madzi ali m'chifuwa, makuni akumugunda m'nthiti. Raihana ali ndi zaka zisanu ndi ziwiri.

Pa nthawi yopuma analowa m'kachipinda ka alonda, natsegula gulupu ya makolo pafoni, nalankhula. Analankhula bwino ndithu. Anati mwana wamng'ono asawoloke mtsinje chifukwa chofuna kuphunzira a, e, i. Anati odula malirewo anadula m'chilimwe, mchenga uli mbee, abwerenso mvula ikagwa adzaone. Anamaliza ndi kuti wake mwana sachoka kusukulu yakale.

Mayankho anawapeza ali m'basi yobwerera ku Najma.

Woyamba anali Hashimu, mtsogoleri wa okana. "Mwamva nonse? Ngakhale a ku Qatar akuti sukulu yakale. Zikomo, Che Abudu."

Wachiwiri anali mayi Walije, a mukomiti. "Che Abudu, Mulungu akudalitseni. Ndi zomwe takhala tikunena ifeyo. Ana asawoloke mtsinje. Apite kwatsopano."

Abudu anamvetseranso voisi yake yomwe, kuopa kuti mwina lilime linaterereka. Ayi, zonse zinali m'malo mwake. Koma mugulupu mbali zonse ziwiri zinali kumuyamika, uku zikulalatirana pogwiritsa ntchito mawu ake omwewo. Wina anangoika nkhope zoseka, osalemba kanthu.

M'chipinda anamupeza Wickson, dalaivala wa ku Ntcheu, akusita yunifomu.

"Achimwene, tamverani izi. Kodi ine Chichewa chandithawa?"

Wickson anamvetsera, simbi ili m'mwamba, kenako anaseka mpaka kukhala pabedi.

"Che Abudu, siyani zaulonda mukaime pa uphungu. Voisi imodzi, zipani zonse ziwiri zakuvoterani!"

"Musaseke, ndi za mwana izi."

"Mafi mushikila, palibe vuto. Tiyeni ticheke pamapu."

Wickson anakulitsa mapu a pafoni ndi zala. Mudzi sunaoneke dzina, koma kamzere kabuluu kanalipo, kolowera dzuwa, pomwe Abudu anakasiya.

"Si uwu mtsinje wanu? Halasi, nkhani yatha. Openga ndi iwowo."

Abudu anavomera ndi mutu, koma mtima sunakhale pansi. Mayi Walije si munthu wopenga. Anaphunzira nawo kalasi imodzi, ndipo masamu ankakopera kwa iwo.

Lachisanu linali tsiku lake la ofu. Atachoka ku swala kumzikiti anaima pamthunzi wa shopu ya telala, dzuwa likuyera ngati ufa, naimba foni ya kanema. Tabu anayankha ali pakhonde, akusankha nandolo.

"Mayi a Raihana, bwanji simunandithandize mugulupu muja?"

"Ndikanathandiza pati? Poyamba munali mbali yanga, pomaliza munali mbali ya a Hashimu."

"Ine ndili mbali imodzi. Mwana asawoloke Nachilenje."

"Ndiye apite kwatsopano."

"Kwatsopano si kutsidya?"

Tabu anaika lichero pansi. Anayang'ana mwamuna wake nthawi yaitali, monga amayang'anira munthu wodwala malungo.

"Bambo a Raihana, inu mukunena mtsinje wa kuti?"

Anadzuka ndi foni, naitembenuza kuti iziona kutsogolo. Anayenda choloza kolowera dzuwa. Abudu anaona khola la mbuzi, analizindikira. Anaona chulu, anachizindikira. Kenako anadikira kuona gombe, koma kunabwera mizere ya mbatata, nzimbe, ndi kanjira kopondedwa bwino kokwera chitunda.

"Apa ndi pati?"

"Ndi pa Nachilenje wanu uja. Mbatatazi ndi za a Walije."

Anabwerera, nadutsa kuseri kwa nyumba, choloza kotulukira dzuwa. Sanayende kwambiri. Nthaka inangothera pompo, phompho lotalika kuposa munthu, ndipo pansi pake panali mchenga wotambalala, timadzi tikuyenda pakati ngati ulusi. Kutsidya kunkaoneka denga la mzikiti.

"Nanga mango a bambo?"

"Anapita. Ndinakuuzani chaka cha namondwe chija kuti madzi adya dimba la kuseri."

"Ndinamva. Koma ndimayesa anadya n'kubwerera kwawo."

"Sanabwerere."

Abudu anakhala pasitepe ya shopu. Simenti inamuwotcha koma sanadzuke. Tchuthi chake chomaliza anapita namondweyo asanagwe, ndipo kuchokera pamenepo Tabu akamaimba amakhala pakhonde nthawi zonse, kumbuyo kwake kuli khoma lomwe lija.

"Ndiye chaka chathachi mwana amapita bwanji kusukulu?"

"Madzi akachepa ndimamubereka. Akachuluka amakhala. Febuluwale yense anakhala pakhomo."

"Osandiuza?"

"Mukanatani muli pageti?"

Pomwepo nkhope ya Raihana inalowa pagalasi, yayandikira kwambiri moti panaoneka mphuno ndi mpata wa mano okha.

"Ababa, ine kwatsopano sindikufuna. Kulibe phala. Ndiponso Fauziya watsala kwakale."

"Fauziya ndi ndani, mama?"

"Mnzanga! Simukumudziwa?"

Tabu anamukankhira pambali mwanayo nafotokoza zotsala. Kwatsopano aphunzitsi alipo awiri okha. Zitseko sanaikebe. Njira yake imadula msewu wa malole onyamula miyala. A Hashimu akukana chifukwa cha zimenezo, ndipo si zabodza. Abudu anamva zonse, koma m'mutu mwake nyumba inali kuzungulira. Akaika mtsinje kuseri, mzikiti unkasowa pokhala. Akabweza mzikiti, mtsinje unkathawiranso kwakale. Anayesa kuyerekeza malole, koma msewuwo sanauonepo ndi maso.

"Msonkhano ndi masana ano," anatero Tabu. "Ndikanene chiyani?"

Basi inadutsa, nimuwuzira Abudu mpweya wotentha kumaso.

"Inu ndi amene mumamubereka," anatero Abudu. "Mukanene zomwe mukuona."

"Ndinamulembetsa kale kwatsopano. Lolemba lapitali."

"Aa! Nanga mumandifunsiranji?"

"Si ndinu bambo ake?"

Foni itaduka anakhalabe pasitepe paja. Telala anasuzumira pakhomo, namufunsa ndi manja ngati zonse zili bwino. Abudu anagwedeza mutu, osadziwa ngati akuvomera kapena kukana. Anatsegula gulupu ya makolo. Mauthenga anali atachuluka, dzina lake lili ponseponse. Anadina, nayamba moni, nafufuta. Anadinanso.

"Pepani makolo anzanga, ndine Abudu uja. Voisi yanga ija muitaye. Mtsinje umene ndimanena ine kulibenso. Raihana apita kwatsopano, mayi ake aona choncho. Za zitseko ndi malole mukambirane inu amene muli komweko. Koma wina andithandize, pamsewupo ana aziwoloka ndi ndani?"

Anatumiza, nakwera masitepe kukauza Wickson kuti mapu ake ndi abodza.