Kabokosi ka Mpongozi Wanga

Mwera utayamba, mpongozi wanga, mkazi wa mwana wanga, anatsika pa chapa, minibasi ya kwathu kuno, kuchokera ku Lichinga atanyamula hita yamagetsi, poti amuna anga amavutika ndi chifuwa. Panalinso kabokosi kopanda waya, koyeza kuzizira n'kuyatsa hitayo. Anakakhoma kuchipinda kwathu, pafupi ndi bedi.

Pafupi ndi bedi? Mumtima ndinati kameneka n'komvetsera zomwe timamunena. Atangochoka, ndinakabisa kukhitchini, pambali pa mbaula. Kumeneko kankangomva kutentha, ndiye hita sinayake ngakhale kamodzi. Bambowo ankangotsokomola.

Mpongoziyo ataimba foni ndinati, "Apongozi, anakuberani ku loja kuja, zinthuzi n'zakufa."

Anapita kukalalatira wogulitsa wosalakwa. Kabokosiko ndinakabwezeretsa mwakachetechete, ndipo kakugwira ntchito bwinobwino. Koma mpaka lero, m'chipinda chimenecho mpongozi wanga ndimamunena zabwino zokhazokha, mokweza.