Foni ya Malemu Gilson

Inu amene mukuwerenga, ndikhulupirira kuti foni yanu inalirapo tsiku lina, munthu wosamudziwa n'kukuuzani kuti mwana wanu wagwa kusukulu, tumizani ndalama msanga. Kapena munalandirapo kameseji kaja kakuti "ndalama ija tumizani pa nambala iyi," chonsecho simunalonjeze munthu aliyense. Mwina munatukwana. Ine ndinatukwanapo, ndipo sindichita nazo manyazi. Koma lero ndikufuna ndikuuzeni za mmodzi wa anthu oimba mafoni amenewo. Dzina lake ndi Mulubwa.

Mulubwa anakulira ku Kabwata, mumzinda wa Lusaka. Mayeso a Giredi 12 analemba kawiri, ndipo kawiri konseko analephera. Bambo ake atamwalira, eni nyumba anawatulutsa, mayi ake n'kubwerera kwawo ku Luapula, kumene nawonso sanakhalitse ndi moyo. Iye anatsala m'tauni, kugona kwa anzake, lero kuno mawa uko. Chuma chake chinali chimodzi basi, mawu. Mnyamatayo anali ndi mawu ofewa, aulemu, oti akakupempha madzi umamuwonjezera ndi tiyi yemwe.

Amene anaona phindu la mawuwo anali Jason, mnzake wa kusukulu. Anamutengera ku Emmasdale, m'kachipinda kakuseri kwa shopu ina, momwe anyamata asanu ankakhala tsiku lonse makatani ali chitsekere. Ntchito yawo inkayenda motere. Jason ankagula mafoni obedwa, ndipo chimene ankafuna m'mafonimo chinali maina. Anyamatawo ankafufuza nambala yolembedwa kuti "Amai" kapena "Bamayo," n'kuiimbira pa foni ina, mawu atawasasitsa ngati munthu amene wakhala akulira. Mayi akamva mwana wake akulira safunsa zambiri.

Lamulo linali limodzi. "Akakaika, dula," ankatero Jason. "Osayamba nkhani na bena."

Ndisakunamizeni kuti Mulubwa anali mwana wabwino wongosochera pang'ono. Ankaba. Anabera mphunzitsi wina wopuma wa ku Woodlands ndalama zake za mankhwala. Anabera amayi ambiri amene nkhope zawo sanazione. Ankadzitonthoza kuti iye sathyola nyumba ya munthu, sagwira mpeni, amangolankhula. Chonsecho akamadya, chakudya chinkamukakamira pakhosi.

Tsiku lina masana, m'mwezi wa Okutobala, dzuwa likuswa mtengo, Jason anamuponyera kafoni kakale kosweka galasi. Kanali kosakhoma. Mwini wake anali Gilson, ndipo nambala ya "Amai" inali pamwamba penipeni. Mulubwa anaimba.

"Amai, ndine," anatero mosasa mawu. "Nili ku polisi, banigwila. Iyi foni ni ya munzanga. Tumani ndalama mwamusanga, napapata."

Ankangomva phokoso la msika chapatali.

"Gilson wanga tinamuika ku Chingwere mu Epulo," anayankha mayiyo pang'onopang'ono. "Iwe ndiwe mwana wa ndani?"

Chala cha Mulubwa chinali kale pa batani lodulira.

"Usadule," anatero mayiyo. "Kamba futi. Kamba kuti amai."

Mpaka lero Mulubwa sadziwa chimene chinamugwira. Anaiwala lamulo, anaiwala kusasitsa mawu, nalankhula ndi mawu ake enieni: "Amai."

Mayiyo analira motsitsa, kenaka anamina, n'kufunsa funso limene palibe anali atamufunsa chaka chonsecho.

"Wadya lelo?"

Mayiyo anapitiriza.

"Ine ndine Winifred. Nigulitsa tomato ku Soweto, pafupi na geti ya malole. Ndalama sinizakutumila, ndine nkhalamba koma sindine chipuba. Koma ngati ni njala yakuchititsa izi, bwela. Mabokosi yalema, musana wanga unasila kudala."

Apo m'pamene anadula. Kafoni kaja sanakabwezere pamulu wa Jason, anakalowetsa m'thumba. Atatuluka panja anakatsegula. Munali zithunzi za mnyamata wamtali wa mpata kumano. Munalinso kavidiyo: Gilson akuchapa malaya pabwalo, akuimba nyimbo ya kutchalitchi ndi mawu oipa zedi, ndipo kumbuyo kwake mayi akuseka mpaka kutsokomola, akuti, "Iwe, leka chongo, uzathamangitsa nkhuku za bene!"

Mulubwa anayesa kugwira ntchito ija milungu ina iwiri, koma mawu anamuthawa. Akati aimbe, lilime linkalemera.

"Boi, wayamba chifundo?" anamuseka Jason. "Chifundo sibadya."

Mawa lake Mulubwa sanabwerere ku Emmasdale. Anayenda wapansi mpaka ku msika wa Soweto. Pafupi ndi geti la malole anapeza mayi wamfupi, wovala magalasi omangidwa ndi waya, akukangana ndi dalaivala za tomato wophwanyika. Anadikira mkangano uthe, navula kapusi.

"Ba mayo, muli shani. Nisakila nchito."

Za foni sananene kanthu. Ba Winifred anamuyang'ana nthawi yaitali pamwamba pa magalasi awo, kenaka analoza bokosi.

"Nyamula ija."

Abale anga, kukankha wilibala ku Soweto si masewera. Malole amafika tambala asanalire, ndipo nyengo ya mvula matope amakuvula nsapato. Manja a Mulubwa, amene ankangodziwa mabatani, anatuluka matuza mpaka kuphulika. Amayi a mumsika ankamuseka kuti akukankha wilibala ngati akuiopa. Zimene ankapeza pa mlungu wathunthu, kwa Jason ankazipeza pa foni imodzi. Kangapo konse anaima pakati pa msika n'kuganiza zobwerera. Koma masana aliwonse Ba Winifred ankanyema chinangwa chootcha pakati, n'kumupatsa mbali yaikulu ndi mtedza wodzaza dzanja, ndipo chakudya chimenecho chinkatsika bwinobwino.

Pang'onopang'ono ndi mtolo. Chaka chitatha, Mulubwa anagula wilibala yakeyake. Ba Winifred anayamba kumusiyira benchi akapita kuchipatala kukayezetsa kuthamanga kwa magazi. Madzulo ankapita kwa mmisiri wina wa m'tauni kukaphunzira kukonza mafoni, malipiro ake kusesa shopu. M'chaka chachitatu anatsegula kabenchi kakekake pafupi ndi City Market, ndipo Ba Winifred anabwera atavala chitenje chatsopano kudzapempherera kabenchiko.

Mbiri yake inakula pa chinthu chimene sanachiyembekezere. Amayi a mumsika anayamba kubwera ndi mameseji awo. "Ba Mulubwa, onani, iyi ni yazoona?" Iye ankangoyang'ana kamodzi n'kunena kuti, "Bodza iyo. Tumilani mwana wanu pa nambala yake, muzamupeza alikudya." Anapulumutsa ambiri. Magulu a amayi a m'matchalitchi ku Chelstone, ngakhale ku Kabulonga kwa anthu a mageti aatali, anayamba kumuitana kuti akawaphunzitse. Akamufunsa kuti machenjera a akubawa anawadziwa bwanji, ankangoseka n'kusintha nkhani.

Koma kafoni ka Gilson kanali m'chitini pansi pa bedi lake. Mwezi uliwonse ankakatchaja kuti kasafe. Ndipo chimene chinkamudya mtima n'chakuti ankadziwa bwino lomwe mmene Ba Winifred ankakafunira. Anamuuza okha, tsiku lina akusankha tomato. Gilson anagundidwa ndi galimoto pamsewu wa Great East, ndipo anthu asanamunyamule, wina anali atamusolola kale foni m'thumba.

"Zithunzi zake zonse zinayenda na ija foni," anatero Ba Winifred. "Nkhope nikumbukila. Koma mau yake, mwana wanga, yayamba kunithaba."

Mulubwa anawerama, n'kumapukuta tomato amene anali atamupukuta kale.

Kubweza foniyo kunali kuulula kuti iye ndi wakuba uja. Ankaopa. Ankaopa kuti maso amene ankamuyang'ana ngati mwana adzamuyang'ana ngati mbava, ndipo iye adzakhalanso wamasiye kachiwiri. Choncho anati ndidzanena ndikagula wilibala. Atagula anati ndikatsegula benchi, kuti aone kuti ndasinthadi. Atatsegula anati pa Khirisimasi. Kawiri anapita nayo ku Soweto ili m'thumba, kawiri anabwerera nayo. Akuluakulu sananame, Zengerezu adalinda kwawukwawu.

Lolemba lina m'mawa, Charlotte, mwana wamkazi wa Ba Winifred, anamuimbira. Mayi anali atagwa pabenchi pawo, ndipo pofika kuchipatala n'kuti atatsirizika.

Maliro anali ku Chelstone. Mulubwa anagwira ntchito zonse za mwana wamwamuna: anadzutsa tenti, anasaka nkhuni, ananyamula nawo bokosi. Atabwerera kumanda, anthu atasamba m'manja, anapeza Charlotte atakhala pakhonde. Anagwada pansi, natulutsa kafoni kaja, n'kukaika pamkeka. Anafotokoza zonse, kuyambira kachipinda ka ku Emmasdale, osasiyako kanthu.

Charlotte sanadabwe.

"Amai banakuzibani siku yoyamba," anatero. "Munangokamba kuti ba mayo, bamvela mau. Banabwela kunyumba bati, uja mwana wa pafoni abwela."

Mulubwa anadzutsa mutu. "Nanga sibanakambe bwanji?"

"Banatilesa. Bati musamufunse, azakamba yeka akakonzeka. Banali kuyembekeza, Ba Mulubwa." Kenaka maso ake anagwera pamkeka. "Iyi ni chani?"

"Ni ya Gilson."

Charlotte anaitola. Za foniyo mayi ake sankadziwa, ankayesa kuti akubawo anangopeza nambala penapake. Anatsegula kavidiyo kaja. Mawu oipa a Gilson anamveka pakhonde ponse, kenaka kuseka kwa Ba Winifred, kuseka kwa munthu amene anali atangoikidwa m'manda masana omwewo. Amayi amene anali m'nyumba anasiya kulankhula. Ena anatuluka n'kuima pakhomo.

Kavidiyo katatha, Charlotte anamuyang'ana. Sanamutukwane, ndipo bwenzi zili bwino akanamutukwana.

"Zaka zinai," anatero. "Zaka zinai munali nayo, amai balila mau ya mwana wao."

Mulubwa anaweramitsa mutu. Analira ngati mwana, pamaso pa anthu onse. Chikhululukiro chimene ankaopa kupempha anali atapatsidwa kale tsiku loyamba, pamodzi ndi bokosi la tomato. Chinthu chimodzi chokha chimene iye akanatha kuwapatsa mayiwo, anachisunga m'chitini mpaka mwini wake kupita.

Lero Mulubwa ali ndi shopu yeniyeni, ya chitseko ndi chikwangwani. Awiri mwa amisiri ake anawatenga m'kachipinda komwe kaja ka ku Emmasdale. Jason anakana, ndipo mpaka pano sizikudziwika kumene ali. Charlotte anakhala chaka osamulankhula, koma pano amamupatsa moni. Akamaphunzitsa amayi m'matchalitchi, Mulubwa sasekanso akafunsidwa kumene anadziwira zimenezi. Amaima n'kunena kuti, "Nenze mumozi wa bena," kutanthauza kuti nayenso anali mmodzi wa akubawo. Ena amanyamuka n'kutuluka, ndipo iye sawaimba mlandu. Anthu amati zake zinayenda, ndipo n'zoona, koma akadutsa pa geti la malole ku Soweto amafulumiza mapazi.

Tsono inu, foni yotere ikalira, musatumize ngakhale ngwee imodzi. Dulani, muimbire mwana wanu pa nambala yake, mukanene kwa oyenera. Kuba ndi kuba, ndipo misozi ya anthu obedwa si madzi. Ba Winifred nawonso sanatumize kanthu. Koma sanaiwale kuti kuseri kwa mawu abodzawo kunali mwana wa munthu, ndipo mwana wa mnzako ngwako yemwe. Si onse amene angabwere mutawaitana. Mmodzi anabwera.

Ndipo iwe amene wakhala m'kachipinda kotseka makatani, kapena amene unatulukamo kale koma uli ndi chitini chako pansi pa bedi, usataye mtima, njira yobwerera ilipo ndipo Mulubwa anaiyenda ndi wilibala. Koma usadikire kuti uyambe waoneka bwino. Nyamuka lero, chitini m'manja, ukagogode pakhomo mwini wake akadali ndi makutu omvera.